Gombe la Nsembe

Amene anayambitsa mwambi woti madzi akatayika sawoleka anali asanaone mafuta a sitima. Mafuta amawoleka ndithu, bola papezeke wolipira. Koma wolipirayo sawola paliponse ayi. Amayamba wakhala pansi n'kuona pamene angawole motchipa.

Sitima ina ya pamadzi inang'ambika mimba pamatanthwe a kunja kwa doko, nyengo ya mphepo. Mafuta anatuluka akuda bii, onata ngati phula, n'kuyamba kuyendayenda panyanja yamchere kulikonse kumene mphepo yawatuma. Boma linaletsa usodzi. Maboti anamangidwa pamzere, maukonde anapindidwa, ndipo amuna amene moyo wawo wonse ankadzuka tambala asanalire anayamba kuzolowera kukhala pakhonde la golosale n'kumakangana za mpira. Kenako kunabwera kampani yoyeretsa nyanja, yotumidwa ndi a inshuwalansi a sitimayo. Inachita lendi shedi yaikulu imene kale ankagulitsiramo nsomba, n'kulengeza kuti ikufuna maboti a injini zamphamvu. Tsoka la nsomba linasanduka mwayi wa eni maboti, ndipo amene anachita nazo manyazi sanachite nthawi yaitali.

Mmodzi mwa oyamba kulembedwa ntchito anali Zengerezu. Dzinali anamupatsa ndi anzake apadoko, ndipo linamukhala. Sikuti anali waulesi. Pamadzi anali munthu wina: dzanja lake pachiwongolero silinkanjenjemera, ndipo ankalowetsa boti pampata umene anzake ankangoupenyera patali. Vuto linali pakamwa. Mawu olemera ankawasunga m'tsaya mpaka asase. Mkazi wake anamufunsira atatsala pang'ono kukwatiwa ndi wina, ndipo denga la kukhitchini kwawo linadontha nyengo zingapo za mvula iye akungoti, "Tiona mawa." Akamukumbutsa kuti zengerezu adalinda kwaukwau, ankangoseka nawo.

Anali ndi mlongo wake mmodzi, wamkulu kwa iye, amene anamulera makolo awo atamwalira. Mayiyu ankapanga mchere kukagombe kakang'ono kuseri kwa phiri, kumene mabanja angapo anali ndi maiwe awo. Nyanja ikakwera amazula thabwa lotseka ngalande, madzi n'kulowa m'maiwe. Akabwezera thabwalo, ntchito yotsala imakhala ya dzuwa. Kunena n'kosavuta. Koma chuma cha dziwe la mchere ndi dongo la pansi pake, lopondedwa ndi mapazi chaka ndi chaka mpaka kulimba ngati mbale. Dongo la mlongo wakeyo analiponda awiriwiri ndi malemu mwamuna wake, ndipo zidendene zake zinali zong'alukabe chifukwa cha ilo. Mafuta akalowa m'dongo lotero satulukamo. Umalikumba lonse kukalitaya, n'kuyambiranso poyambirira. Injini yoyamba ya boti la Zengerezu inagulidwa ndi mchere wa m'maiwe amenewo. Iye sankaiwala, ngakhale anali asananenepo zikomo womveka bwino.

Masiku oyamba ntchito inali yokoka mpanda woyandama kuzungulira sitima yovulalayo. Mpandawo unali wa pulasitiki, wofiirira, wonenepa, wolumikizalumikiza, ndipo anthu apadoko sanavutike ndi dzina lake la m'mabuku. Anangoutcha soseji. Ankaikoka tsiku lonse, madzulo n'kubwerera maso akuthetha, mutu ukuwawa ndi fungo, koma m'thumba muli kanthu kamene nsomba zinali zisanawapatsepo. M'boti la Zengerezu zingwe ankagwira ndi msuweni wake, mkulu wa imvi amene sankatha kuona chete osamuboola.

"Asuweni," ankatero akupukuta magolovesi, "tizipemphera mosamala. Tikati mafuta athe msanga, tadzichotsa ntchito. Tikati asathe, tachimwa. Ine ndikungoti Ambuye, inu mukudziwa."

Tsiku lina m'mawa eni maboti onse anaitanidwa m'shedi muja. Munkanunkhabe nsomba zakale, kuphatikiza fungo la maovololo atsopano ndi sopo. Pamene kale pankakhala masikelo panali matebulo a makompyuta, ndipo pakhoma anapachikapo mapu aakulu. Woyang'anira ntchito anali mayi wamfupi, wa maso ofiira ndi tulo, wosadziwa kuzungulira polankhula.

"Mphepo ikutembenuka," anatero mayiyo. "Mafuta amene atipulumuka akubwera kumtunda, ndipo soseji imene tili nayo singakwane gombe lonse. Kuwaletsa kufika sitingathe. Chimene tingathe ndi kuwasankhira pofikira."

Anayamba kuloza pamapu ndi kandodo. Doko likadetsedwa limatsekedwa, sitima za katundu zimaima kunja, ndipo kuima kwawoko amalipira ndi a inshuwalansi omwewo. Kumahotela kuli maloya. Kumene mtsinje umathira m'nyanja kuli mitengo yomera m'madzi, kopanda makina angalowe, koti mafuta amachotsedwa muzu ndi muzu, ndi nsanza, kwa zaka. Kandodo kaja kanayenda, kanadutsa phiri, n'kuima pakagombe kooneka ngati chikhadabo chowengedwa.

"Apa pali mchenga, ndipo msewu ukufika mpaka kumadzi. Mchenga ndi wotchipa kuyeretsa. Thirakitala imapala, lole imanyamula, basi. Tiyala soseji mopingasa kuti mafuta atsetserekere apa. Pantchito yathu malo otere timawatcha gombe la nsembe."

"Nanga wansembe wake ndani?" anafunsa msuweni uja ali kumbuyo. Anthu anaseka, koma kuseka kwa m'mano.

Zengerezu sanaseke. Anakweza dzanja, chinthu chimene anali asanachitepo chichokereni kusukulu.

"Mayi, kumeneko kuli maiwe a mchere."

"Tawaona, bambo. Nawonso tawaika pasikelo." Sanalankhule mwankhanza. Akanatero bwenzi zili bwinoko, munthu akanapeza womuda. "Mchere wa gombe lonselo wa chaka chathunthu sufika pa zimene zimatayika doko likatsekedwa kuyambira m'mawa mpaka masana. Amene maiwe awo adetsedwe adzalandira chipukutamisozi. A inshuwalansi amalipira chimene mafuta akhudza, chooneka ndi maso, choti munthu n'kuchijambula. Ndipo poti gombelo mukulidziwa, nsonga ya kumtunda mudzakoka ndinu. Mudzaponya nangula pathanthwe la kumapeto, kuti gombe lonse likhale mkati."

Ngalande ya mlongo wake inali yomalizira, pafupi penipeni ndi thanthwelo. Mawu a chipukutamisozi aja analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Iye ankangoona dongo.

"Chinanso," anatero mayiyo akuika kandodo pansi. "Eni gombe tiwadziwitsa ife nthawi ikakwana. Musatitsogolere. Kwina anthu anadula soseji ndi zikwanje, mafuta n'kumwazikira kulikonse. Woulula, boti lake lichoka pantchito."

Kunyumba anapeza mkazi wake akusita yunifolomu ya mwana patebulo lodyera. Chiyambireni ntchitoyi m'nyumbamo munali mutalowa kamphepo kabwino. Babu la pakhonde linkayakanso, ana ankapita kusukulu ndi nsapato zosaseka, ndipo mwini nyumba anali atayambiranso kupereka moni. Zengerezu anafotokoza zonse atayang'ana pansi.

Mkaziyo anaimika simbi. "Ndiye mukawauza liti alamu?"

"Akuti woulula achotsedwa."

"Ine sindinafunse zimene akuti. Alamu akatseka ngalande yawo n'kumata ndi dongo, ndani angadziwe kuti mwawauza ndinu? Pitani lero."

"Lero nthawi yatha. Mawa."

"Mawa wanuyo ine ndinamudikirapo, ndikumudziwa," anatero mkaziyo, n'kubwezera simbi pakolala mwamphamvu kuposa mmene kolalayo inkafunira.

Mawa lake injini inkafuna oyilo. Mkuja wake kunali kuyesa anangula. Zifukwazo zinali zoona, koma chenicheni chinali mantha. Ankaopa kutaya ntchito, ndipo ankaopa kwambiri nkhope ya mlongo wake pomva kuti amene adzabweretse phula pakhomo pake ndi mwana amene anamulera, ndi boti limene linayamba kuyenda ndi mchere wake. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iye anavumbwa ndithu. Anaonda m'masiku ochepa, chakudya ankangochisuntha m'mbale. Anakwera basi yopita kuseri kwa phiri tsiku loyala soseji lili mawa.

Basi inamusiya pamene tala amathera. Kumapeto kwa msewu anapeza thirakitala ikukumba dzenje lalikulu, amuna a maovololo oyera akuyalamo pulasitiki wakuda. Anadutsa mofulumira chipewa chili m'maso.

Mlongo wake anamupeza m'shedi yake ya malata, akusoka pakamwa pa thumba ndi chisingano. Matumba anali atasanjikizana mpaka kudenga, ena ali panja atafunditsidwa lona. Zimenezi zinali zachilendo, pakuti nyengo ngati imeneyi shediyo inkakhala yopanda kanthu.

"Kodi ndi abwana a soseji? Takulandirani. Ndimayesa mafuta akumeza."

"Ndilipo, achemwali, kaya inu. Nanga mcherewu bwanji? Lole sinabwere?"

"Lole? Mwini wake anaimba foni. Akuti masitolo sakufuna mchere wa nyanja ino. Ndinati bwerani mudzaulawe, ndinaukolola sitima isanasweke. Akuti mayi, ogula salawa, amamvera wailesi." Anadula ulusi ndi mano. "Khala pansi, usaime ngati wobwera kudzalanda katundu."

Anamuthirira tiyi wa m'fulasiki m'kapu imene ankamwera malemu. Anafunsa za alamu ake ndi ana, mmodzimmodzi. Anadandaula za bondo. Anasimba za mwana wake wamkazi wokwatiwa kumzinda wa kumtunda, amene ankaimba foni sabata ndi sabata kumuitana kuti akakhale nawo.

"Akuti ndizikalera adzukulu. M'nyumba ya mkamwini, ine? Ndizikapempha chilolezo chotsegula windo? Ndikadzachoka pano mudzachita kundinyamula."

Zengerezu ankangovomera. Mawu aja anali m'tsaya, ankawatembenuza ndi lilime, koma akati atuluke ankabwerera ndi tiyi. Ndipo anaona thabwa la ngalande litatsamira khoma la shedi, lonyowabe m'munsi.

"Achemwali, thabwali likutani kuno?"

"Lafumbwa m'mphepete. Ndikufuna ndilipale."

Analiyang'ana, ndipo sanaone pamene lafumbwa. Koma mtima wake unali utathamangira kwina, pakuti apa panali mpata wonena popanda kunena.

"Libwezereni lero lomwe. Mumatenso ndi dongo. Nyanja sili bwino masiku ano."

"Ndamva."

"Ndikunena zoona, achemwali."

"Ndati ndamva." Anamuyang'ana nthawi yaitali, monga ankachitira kale akabwera kusukulu malaya atang'ambika. "Iwe, ntchito ya eni amagwira monga mwini wanenera. Akakuuza kuti ponya apa, ponya pomwepo. Usamaonjezere nzeru zako. Wamva?"

"Ndamva, achemwali."

Anabwerera atapepukidwa pang'ono, ali ndi manyazi ambiri. Ankadziuza kuti wanena, pamene ankadziwa kuti sananene. Malangizo aja anawamva ngati a masiku onse, a munthu wosadziwa kanthu amene akudera nkhawa ntchito ya mwana amene analera. Zimenezo ndiye zinamupweteka njira yonse.

Kunacha kwa mitambo. Fungo linafika mafuta asanaoneke, fungo la m'garaja lokhala pakhosi. Kenako anawaona. Nyanja inali yosalala modabwitsa, mafunde akukwera mwaulesi ngati asenza katundu, ndipo mbalame ina inkayesa kuuluka n'kumangokwapula madzi ndi phiko limodzi. Boti lalikulu la kampani linagwira nsonga ya kunyanja. Zengerezu anakoka yake pang'onopang'ono, pakuti soseji ukaithamangitsa imapendekeka, mafuta n'kudutsa pansi pake. Msuweni wake anali kumbuyo akuyang'anira chingwe, kansalu katamangidwa pamphuno, ndipo tsiku limenelo nthabwala zinali zitamuthera.

Atazungulira phiri, gombe linaonekera lonse. Anthu anali ataima m'mphepete mwa maiwe awo, chete, ngati pamaliro podikira bokosi. Kumapeto kwenikweni kunali milu ya mchere wa mlongo wake, yoyera mbee. Pakamwa pa ngalande yake panali pululu. Thabwa lija sanalibwezere.

Wolakwa ndine, anaganiza motero, ndikanangonena mawu onse. Thanthwe linali kutsogolo. Koma usanafike pathanthwe, kuno kwa ngalandeyo, panali chitsulo chotuluka m'madzi, chotsala cha kamlatho kakale kamene ankamangirirapo bwato ali mwana. Soseji itathera pamenepo, ngalande ya mlongo wake ikanatsala kunja, kumadzi oyera.

Moyo wake wonse anali munthu wa mawa. Tsiku limenelo anakhotetsa chiwongolero nthawi yomweyo.

"Asuweni!" anakuwa wa zingwe uja. "Maso akalamba? Thanthwe ndi ilo uko!"

"Pathanthwe nangula sagwira. Ponyani apa, mumangenso kuchitsulocho."

"Sagwira kuyambira liti? Ine ndakhala ndikuponyapo inu musanamere mano."

"Ponyani, asuweni!"

Msuweniyo anamuyang'ana, anayang'ana milu yoyera ija, n'kuponya. "Ine sindinaone kanthu," anatero akumanga mfundo. "Maso okalamba ndi anga."

Mafuta anafika nyanja ikukwera. Anagunda soseji, anatsetsereka nayo monga mayi uja ananenera, n'kuyamba kuunjikana pamchenga. Analowa m'ngalande za anthu ena imodzi ndi imodzi. Zambiri zinali zotsegula, ndipo Zengerezu anatukwana kampani chamumtima kuti yawadziwitsa mochedwa. Maiwe amene m'mawa ankanyezimira anasanduka akuda limodzi pambuyo pa linzake, eni ake akungoyang'ana manja ali kumbuyo.

Kuseri kwa chitsulo chija madzi anakhalabe obiriwira. Analowa m'maiwe a mlongo wake ali oyera ngati tsiku lina lililonse. Pamenepo anamuona mlongo wakeyo akuthamanga m'mphepete mwa dziwe, ndi bondo lake lija, atavula mpango kumutu akuukupiza cham'mbali mobwerezabwereza, akukuwa mawu amene injini inawameza. Misozi inalengeza m'maso mwa Zengerezu. Anavula chipewa nayenso n'kukupiza. Anali wokondwa, chimwemwe chenicheni, chimene anali asanachimve kwa zaka. Zikomo uja amene anamusunga nthawi yonseyi anali atamunena tsopano, ndi chiwongolero.

Ankayembekezera kuchotsedwa ntchito, ndipo anali atakonzeka. Mawa lake anaitanidwa patebulo la woyang'anira.

"Bambo, nangula wanu sali pamene ndinanena."

"Mayi, pansi pa thanthwe lija pali..."

"Musavutike. Ndaona zithunzi za m'mwamba. Mafuta onse alowa, ndipo gombe loti tiyeretse lafupika. Malole achepa, masiku achepa, olandira chipukutamisozi achepa ndi mmodzi. A inshuwalansi akondwa. Boti lanu likhala nafe mpaka ntchito ithe."

Anzake anamumenya paphewa. Anatuluka akudabwa kuti kodi dziko linayamba liti kulipira munthu chifukwa chochita chabwino. Mawu oti achepa ndi mmodzi aja anamutsatira mpaka padoko ngati kamwala m'nsapato, koma sanavule nsapatoyo kuti aone.

Ntchito inachuluka, ndipo ulendo wa kuseri kwa phiri unalowa m'gulu la mawa. Mumtima ankadikira foni. Sankafuna zambiri, kungoti mlongo wake amunyoze pang'ono monga mwa chizolowezi chake, n'kumaliza ndi kuti wachita bwino. Foniyo sinabwere. Mkazi wake anati zachilendo zimenezo, alamu sakhala chete chonchi, pitani mukaone. Iye anati achemwali ndi onyada, tonse tikuwadziwa. Panapita masabata. Tsiku lina lopuma anagula shuga ndi buledi, n'kukwera basi.

Gombe analipeza lili piringupiringu. Malole ankatuluka atadzaza mchenga wakuda, ndipo pakati pa ovala maovololo oyera anazindikira nkhope za anansi a mlongo wake, mafosholo ali m'manja. Maiwe awo anali akuda, lililonse lili ndi kamtengo kozikidwa pakona kokhala ndi nambala. Pakhomo lina panali malata atsopano atatsamira khoma. Ena anamupatsa moni mwansangala, ena anayang'ana kumbali. Kumapeto, kuseri kwa chitsulo chija, mchenga unali woyera, ndipo kunalibe munthu. Maiwe a mlongo wake analibe kamtengo. Analibenso madzi, ndipo dongo linali litayamba kung'aluka ndi dzuwa.

"Odi, achemwali."

"Lowa."

Panalibe za abwana a soseji. M'shedi muja matumba anali momwe anawasiyira, koma pansi panali mitolo: mapoto omangidwa m'nsalu, bulangete lopindidwa, chikwama chakale chomangidwa ndi chingwe. Kapu ya malemu inali pamwamba, yokulungidwa m'nyuzipepala.

"Mukupita kuti?"

"Kwa mkamwini. Kukapempha chilolezo chotsegula windo."

"Koma maiwe ali bwino! Mafuta sanalowe, ndinaona ndi maso anga. Ndinachita kukhota dala kuti..."

"Ndikudziwa kuti unakhota dala. Ndinakuona. Unandikupizira chipewa."

Anapitiriza kupinda malaya ake a kutchalitchi, osakweza mawu.

"Anabwera a inshuwalansi ndi makamera awo ndi timitengo tawo. Kwa anzangawa anajambula, anapepesa, anazika kamtengo. Atafika kwanga anagwada, anakanda dongo, ananunkhiza, n'kuti mayi, muli ndi mwayi, palibe chawonongeka. Ndinawaonetsa matumbawa. Ndinati nanga uwu ndigulitsa kwa yani? Akuti zimenezo ndi za msika, si za mafuta. Ndinakapempha ntchito yopala mchenga. Akuti ayamba ndi okhudzidwa. Ine sindine wokhudzidwa. Ndine wamwayi."

Zengerezu anakhala pathumba, shuga ndi buledi zili pamiyendo. "Thabwa lija..."

"Silinafumbwe. Ndinalizula ndekha. Ukuyesa thirakitala ikamakumba dzenje pakhomo pako pamafunika mneneri? Tonse tinadziwa. Tinakhala pansi, tinaona kuti mchere wa gombe lino wafa kale, uyere bwanji, palibe augule chaka chino kapena cha mawa. Chotsala chinali chipukutamisozi. Ndipo chipukutamisozi, mwana wa mayi anga, chimafuna misozi yooneka. Nkhope youma saipukuta."

Apa anasiya kupinda.

"Ukudziwa mmene kunandiwawira kuzula thabwa lija? Dongo limene tinaponda ndi alamu ako. Ndinalilira ngati maliro achiwiri, ndinamaliza, ndinakonzeka. Ndinati ndilandira, ndidikira nyanja iyere, ndidzaponda lina ndi mapazi omwewa. Ndaima, ndikudikira phula langa, ndikungoona mlongo wanga akubwera kudzandipulumutsa."

"Bwanji simunandiuze, achemwali?"

"Iwe unandiuza?"

Panja lole inadutsa, malata a shedi n'kunjenjemera. Zengerezu anayang'ana zidendene za mlongo wake. Anamva chisoni cholemera choti sanadziwe pochiika.

"Ndikanayamba bwanji?" anatero mlongo wake. "Kuti achimwene, dzandithirireni phula pa thukuta la malemu? Pali mawu ena sadutsa pakhosi. Ndinakuuza zimene ndikanatha, kuti ponya pamene akuuza. Kamodzi kokha pa moyo wako kuchita chinthu pa nthawi yake, n'kukhala chimenechi."

"Mafuta alipo m'dzenje muja. Ndikhoza kutunga ndowa zingapo n'kudza..."

"Kuti andimange ndi ukalamba uno? Anajambula kale. Dongo langa lili m'makamera awo loyera."

"Ndiye musapite. Ndizikuthandizani ine, boti likugwirabe ntchito."

"Mpaka liti? Mchenga ukayera soseji aipinda, apita nayo kwina kumene sitima ina yasweka. Nsomba zako adzagula ndani? Ogula ako nawonso ali ndi mawailesi. Sungira ana ako. Ine ndakulera kamodzi, sindikufuna undilere."

Anatenga buledi uja pamiyendo pake n'kumulowetsa mumtolo, kuti adzadye panjira. Shuga anamubwezera. Kenako anakoka thumba limodzi la mchere, lodzaza bwino, losokedwa ndi dzanja lake, n'kumuuza kuti awerame. Anamusenzetsa paphewa, n'kulikonza kuti likhale bwino, monga ankamukonzera chikwama cha kusukulu.

"Tenga uwu. Mukadye ndi alamu ndi ana, ukwana mpaka adzukulu. Usaope, ndi woyera. Unaulondera wekha."

Zengerezu anaima pakhomo thumba likumupinda msana. Pepani anali m'tsaya, ndipo zikomo wa injini uja anali pomwepo, onse awiri. Anatsegula pakamwa.

"Usavutike lero," anatero mlongo wake, akumanga mfundo ya mtolo osamuyang'ana. "Udzanena mawa."

Basi ya mlongo wakeyo inali yonyamuka m'mamawa.